Kwa Inu Ofuna Malo a PhD pa Sayansi ndi Uinjiniya

Ana anga, ku Netherlands, Germany ndi Sweden malo ambiri a PhD amalengezedwa ngati ntchito. Pulofesa amapeza ndalama za kafukufuku, amafunafuna munthu, ndipo wosankhidwayo amasaina kontrakiti, ku Netherlands ya zaka 4, n'kumalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Dziwani tsono kuti wowerenga kalata yanu akufuna munthu woti amudalire pa ntchito imene iyenso adzayankhepo kwa omwe anapereka ndalamazo.

Za mapepala sindichulutsa mawu. Digiri ya masters yogwirizana ndi kafukufukuyo, magiredi abwino, ndi umboni wa Chingerezi, kawirikawiri IELTS ya 6.5. Malo a Marie Skłodowska-Curie a European Union ali ndi lamulo lakuti musakhale mutakhala m'dziko mukupitalo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Wophunzira ku MUST kapena ku MUBAS lamuloli silimuletsa. Wamasamu amene alibe masters ayese ku sukulu ya masamu ya AIMS, yomwe inayamba ku Muizenberg, ku South Africa, mu 2003 ndipo imalipirira ophunzira ake.

Mapepala amenewa anzanu ambiri opikisana nawo ali nawonso. Chimene chidzakusiyanitseni ndi kafukufuku wanu wa masters. Pa intavyu adzakufunsani chifukwa chake munasankha njira yakutiyakuti, munayeza kangati, ndipo zotsatira zitakana kugwirizana ndi zomwe mumayembekezera munatani. Funso lomalizali ndilo lalikulu. Amene amayankha kuti zonse zinayenda bwino amandidetsa nkhawa, chifukwa mu labu zinthu zimakana kawirikawiri kuposa mmene zimavomerera. Amene anganene poyera pomwe chipangizo chinamusocheretsa, ndi mmene anazindikirira, waonetsa kale kuti manambala sadzawapotoza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mtima wodekhawo umamveka m'mayankho a munthu.

Phunzirani kulemba mapulogalamu apakompyuta. Python ndi R n'zaulere. Ainjiniya ambiri amagwiritsanso ntchito MATLAB. Musangoti mumazidziwa, khalani ndi ntchito yomwe munachita yoti muonetse, ngakhale ikhale yosanthula kuchuluka kwa mvula ya kwanu. Statistics musaithawe. Zolowerani kulemba tsiku lililonse zomwe mwachita mu labu, momveka bwino moti wina angabwereze ntchitoyo inu kulibe.

Chimandiwawa mtima ndikaona mwana wanzeru akutumiza kalata imodzi yomweyo kwa mapulofesa ambirimbiri. Imadziwika pa chiganizo choyamba. Werengani kaye zimene pulofesayo wasindikiza posachedwa, mutchule chimene chakukopani ndi luso limene inu mungabweretse. Aphunzitsi okulemberani makalata a umboni muwauze nthawi ikadalipo, muwapatse CV yanu ndi chilengezo cha malowo.

Musanavomere, lankhulani ndi ophunzira omwe ali kale pansi pa pulofesayo, muwafunse ngati amapezeka akamufuna ndiponso ngati omwe anayamba nawo anamaliza.