PHUNZIRO 18: NYALE YA PAKHONDE

Kuwerenga: Yakobo 2:1-9, Luka 14:12-14
Vesi loloweza: Ahebri 13:2

Aphunzitsi anzanga, mwezi wa Okotobala ukamatha ana athu amaona pa kanema ndi m'mafoni a makolo awo ana a ku America atavala zachilendo, akuyenda khomo ndi khomo kulandira maswiti. Adzakufunsani. Musawakalipire, ndiponso musangoti, "Zimenezo n'za Satana," n'kutseka nkhani.

Mwambowo dzina lake ndi Halloween, ndipo umachitika madzulo a pa 31 Okotobala. Dzinalo litanthauza usiku wotsogolera Tsiku la Oyera Mtima Onse, limene mipingo ina imasunga pa 1 Novembala. Anapita nawo ku America ndi anthu ochokera ku Ireland ndi ku Scotland m'zaka za m'ma 1800.

Auzeni ana za mzinda umodzi, wa Philadelphia. Kumeneko misewu yambiri ili ndi nyumba za njerwa zogundana khoma ndi khoma, iliyonse ndi masitepe ake. Tsikulo mayi wa panyumba amathira maswiti m'beseni, onse okulunga m'timapepala, chifukwa makolo salola ana kudya kanthu kosakulunga kochokera kwa mlendo. Ena amaboola dzungu maso ndi kamwa, naikamo kandulo. Kukayamba mdima mayi uja amayatsa nyale ya pakhonde. Ana onse amadziwa lamulo lake: nyale ikayaka, gogodani, ikakhala yozima, pitirirani. Akafika amafuula kuti "trick or treat," ndiko kunena kuti, tipatseni kanthu, mukatimana tikuchitani chipongwe. Masiku ano mawuwo ali ngati "odi" chabe.

Zovala zake, wina amadza ngati namwino, wina ngati mkango, wina ngati mfumukazi. Koma alipo ambiri ovala ngati mizukwa, mfiti ndi mafupa a akufa. Zimenezi ine sindiziyamikira, ndipo inunso nenani mosabisa kuti mwana wa Mkhristu sasewera ndi zinthu za mdima. Koma tisataye phunziro limene lili pakhomo paja.

Taganizani. Mwana wafika ndi chigoba kumaso. Mwini nyumba sadziwa ngati ndi wa dokotala kapena wa wosesa mumsewu. Makolo ena a m'madera osauka amabwera ndi ana awo ku misewu ya opeza bwino, ndipo eni nyumba ena amadandaula nazo. Komabe wotsegula chitseko safunsa kuti, "Ndiwe mwana wa yani?" Amangopisa dzanja m'beseni. Sayembekezanso kuti mwanayo adzabweza mawa. Si zimenezi kodi zimene Ambuye anauza Mfarisi amene anawaitana kudzadya, kuti aziitana iwo osatha kubwezera? Ndipo Yakobo akudzudzula mpingo umene upatsa mpando wabwino wovala mphete yagolide, wausiwa nauzidwa kuti aime uko. Zikundimvetsa manyazi kuti mwambo umene sitiuvomereza wonse utipose pa chinthu cholembedwa m'Buku lathu lomwe.

Ndikunena izi ndikudziwa kulakwa kwanga. Chaka china pa Khirisimasi ndinkagawa maswiti ku Sande Sukulu. Ndinayambira kutsogolo, kumene kunakhala ana a akulu a mpingo ndi ena amene ndinkawaphunzitsa ku pulayimale. Ena ndinawapatsa awiri awiri poti anali oloweza bwino. Pofika ku benchi lomaliza pepala linali lopanda kanthu. Pamenepo panali kamnyamata koweta ng'ombe, kovala kabudula wong'ambika, kamene kanabwera tsiku lomwelo koyamba. Sikanalire. Kanangoyang'ana pepala lija. Sabata lotsatira sikanabwere, ndipo sindinakaonenso m'tchalitchi. Sindinakane mwanayo ndi pakamwa, koma nyale yanga kwa iye inali yozima.

Mu Philadelphia momwemo munachitikanso chinthu chimene ife a Chipresibateriya tiyenera kuchidziwa. Mbusa Clyde Allison ndi mayi busa Mary Emma Allison anaona ana akubwerera ndi matumba odzaza maswiti, pamene ana anzawo m'maiko osakazidwa ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analibe ngakhale mkaka. Iwo sanaletse ana kuyenda m'makomo. Anawapatsa ntchito. Mu 1950 ana anayenda ndi timabokosi ta mkaka topanda kanthu, kupempha tindalama tachitsulo tothandizira bungwe la UNICEF. Zoyambazo zinakwana madola 17 okha, koma mwambowo unafalikira dziko lonse la America, ndipo tibokosi take tinadzakhala tofiirira ngati lalanje. Mwana wobwera kudzalandira anasanduka wopereka.

Pophunzitsa, chitani motere. Mwana mmodzi aime pakhomo la kalasi ngati mwini nyumba, atanyamula mbale ya mtedza kapena chimanga chokazinga. Anzake atatu atuluke, afunde nsalu kumutu kuti asadziwike, ndipo agogode mmodzi mmodzi. Onse akalandira, avundukule nsalu. Funsani wogawayo kuti, "Ukanadziwa kuti uyu ndi amene unayambana naye dzulo, ukanampatsa mofanana?" Musafulumire kumkonza yankho. Kenaka werengani Yakobo 2 pang'onopang'ono, ndipo ana anene okha amene amakhala kumbuyo m'kalasi mwanu, ndi amene sabwera konse chifukwa chosowa malaya.

Za Khirisimasi ikudzayi, werengani ana musanatsegule pepala la maswiti, musungeko ena a obwera mochedwa, ndipo muyambire kugawa ku benchi lomaliza.