Kodi Mwana Agule Maphunziro ndi Dzina Lake?

Munthu amene anakhalako ku Mchinji adziwa kuti malire ndi chinthu chozizwitsa. Pa mapu aoneka ngati mpanda wautali wolekanitsa Malawi ndi Zambia, koma ukafika pamalopo upeza munda wa mtedza, kanjira ka njinga, ndi anthu a chinenero chimodzi, Achewa ndi Angoni, amene amakwatirana ndi kuikirana maliro. Wokhala kutali amakhulupirira mapu. Wokhala pafupi amakhulupirira maso ake. Tsono m'nkhani ino ndifuna tikambirane za malire ena osalembedwa pa mapu, amene ali pakati pa Akristu ndi Asilamu, makamaka pa khomo la sukulu. Funso lathu ndi ili: kodi n'koyenera kuti mwana alipire maphunziro ndi dzina lake, chobvala chake, kapena chipembedzo cha makolo ake?

Kumene nkhani inachokera

Kuti timvetse bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo. Chisilamu chinafika m'dziko muno Chikristu chisanakhazikike. Chinadza ndi amalonda a ku gombe la nyanja yamchere, monga Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, cha m'ma 1840. Pambuyo pake mafumu a Ayao, monga Makanjira, anachilandira cha m'ma 1870. Sitibisa kuti ena mwa amalonda aja anali kugula ndi kugulitsa akapolo, ndipo bala limenelo silinapole msanga m'mitima ya anthu. Komanso sitiiwala kuti masheikh anali kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu, m'madrasa a pafupi ndi mizikiti.

Sukulu zimene tizidziwa lero zinadza ndi amishoni. A Livingstonia anafika m'chaka cha 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anayamba nchito ku Mvera mu 1889. Kuno kwathu ansembe a Katolika anamanga pa Kachebere, m'mphepete mwenimweni mwa malire, m'chaka cha 1903, ndipo pambuyo pake kunadza Guilleme ndi Ludzi. Boma la Atsamunda linachedwa kulowa m'nchitoyi, pakuti linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926. Kotero kwa zaka zambiri sukulu ndi tchalitchi zinali ngati nyumba imodzi: mphunzitsi wa Lolemba ndiye anali mlaliki wa Lamulungu.

Taganizani tsono za kholo la Chisilamu la masiku amenewo. Likatumiza mwana ku sukulu, mwana amene anachoka kwao ali Yusufu analikulembedwa m'kaundula kuti Yosefe, ndipo zaka zikapita analikubwera atabatizidwa. Likamsunga pakhomo, mwanayo analikukula osadziwa Chingerezi ndi masamu, ndipo ukalaliki, uphunzitsi ndi nchito za m'chipatala zinali kumpitirira. Makolo ambiri anasankha kusunga ana ao. Apa m'pamene panabadwa mau amene timamvabe mpaka lero, akuti Asilamu safuna sukulu. Koma mauwa salongosola mlandu wonse. Munthu akakana kugula mbuzi chifukwa wogulitsa afuna ng'ombe, sitinena kuti munthuyo amadana ndi mbuzi. Chimene makolo aja anakana sichinali nzeru ai, koma mtengo wake.

Zakumva ndi zooneka

Masiku ano malire aja akula chifukwa cha nkhani zochokera kutali. Kuyambira pa 11 September 2001, pamene zigawenga zinagwetsa nyumba zazitali mu mzinda wa New York, dzina la Chisilamu lakhala likutchulidwa pamodzi ndi mabomba pa wailesi ndi pa telefoni za m'manja. Mu 2017 nkhondo inabuka ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, limenenso tichita nalo malire, ndipo oiyambitsa anati amenyera chipembedzo. Zinthu zimenezi zinachitikadi, ndipo munthu wofuna chilungamo sangazikane. Koma ayeneranso kufunsa kuti ophedwa ndi othawa kwao ku Cabo Delgado anali ayani. Ambiri mwa iwo anali Asilamu okhaokha, alimi ndi asodzi onga ife.

Mantha a kutali anafikanso pakhomo pathu. Mu June 2003 amuna asanu a maiko akunja, amene anali kukhala ku Blantyre, anagwidwa poganiziridwa kuti anali kuthandiza zigawenga, natulutsidwa m'dziko ngakhale bwalo la milandu linaletsa. Pambuyo pake anamasulidwa popanda mlandu. Ku Mangochi anthu ena okwiya anaononga matchalitchi, ngati kuti Akristu a kumeneko ndiwo anagwira amuna aja. Onani m'mene cholakwa chimodzi chimabalira chinzake: awa anayesa Msilamu aliyense chigawenga, awonso anayesa Mkristu aliyense mdani.

Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mwambiwu ngwabwino pochenjeza ana kuti asankhe bwino abwenzi, koma ngwoipa poweruzira anthu, pakuti anthu si nsomba za m'dengu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 14 ndi Asilamu. Ambiri a iwo ali ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo m'boma lino la anthu oposa 600,000 ali ochepa, okhala makamaka m'malo a malonda. Kuchepa kwaoko ndiko kumachititsa kuti anthu ambiri a kuno adziwe Chisilamu mwa zakumva zokha. Koma tiyeni tidzifunse: Msilamu amene timdziwa ndi maso ndani? Kodi si telala amene amasoka yunifomu za ana athu, kapena uja timamuitana kuti atizingire mbuzi pa ukwati kuti alendo onse adye mosakayika?

Ndipo amene ayesa kuti Chisilamu ndi maphunziro n'zosayenderana sanamve mbiri. Sukulu ya al-Qarawiyyin ku Fez m'dziko la Morocco inayambidwa mu 859, ndipo mbiri imati woiyambitsa anali mai, Fatima al-Fihri. Masamu a alijebura amene amabvutitsa ana a ku sekondale anatenga dzina lao ku buku la al-Khwarizmi, katswiri wa ku Baghdad. M'masiku athu omwe ano, pamene zigawenga zinaombera Malala Yousafzai ku Pakistan mu 2012 chifukwa chofuna kuti atsikana aphunzire, woomberedwayonso anali Msilamu.

Mlandu wa mpango

Zinthu zinayamba kusintha pamene masukulu a Boma anachuluka, ndipo makamaka mu 1994, pamene Bakili Muluzi, amene ali Msilamu, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko, ndipo Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale. Ana anathamangira ku sukulu mwaunyinji. Koma masukulu ambiri anakhalabe m'manja mwa mipingo, ngakhale aphunzitsi ake amalipidwa ndi Boma, ndipo funso lakale lija linangobvala malaya ena. M'chaka cha 2000 kunali kukangana pa phunziro la Baibulo, pamene Boma linafuna kuika m'malo mwake phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo mipingo inakana. Mu 2019 pa sukulu ina ya Anglican ku Balaka anthu anamenyana, nyumba zopemphereramo zinaonongeka, ndipo sukulu inatsekedwa, chifukwa cha hijabu, ndiwo mpango umene atsikana a Chisilamu amafunda kumutu.

Pamenepa tisafulumire kuweruza, pakuti mbali zonse ziri ndi mau. Eni sukulu amati: makolo athu anaumba njerwa ndi manja ao, anamanga sukuluyi kuti ilemekeze chikhulupiriro chao, kodi mlendo angalowe m'nyumba ya mwini nayamba kusuntha mafuwa? Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sukulu yopanda mwambo siikhalitsa. Koma kholo la Chisilamu nalonso limati: msonkho umene ulipira mphunzitsiyo ndimaperekako inenso, ndipo sukulu yapafupi ndi yomweyi, kodi mwana wanga ayende mtunda wautali m'dzinja chifukwa cha kansalu?

Ine ndiganiza kuti poweruza mlandu wotere tiyang'ane amene apwetekedwa kwambiri. Akuluakulu akamakangana, wotsala pakhomo ndi mwana, ndipo chaka chimene mtsikana ataya sichibwerera. Kawirikawiri chimathera ku banja la msanga. Mpango suchotsa mtanda pa khoma la sukulu, ndipo suletsa ana a Akristu kuimba nyimbo zao. Koma kubweza mwana pa khomo kumachotsa kanthu m'moyo wake wonse. Chifukwa chake chinali chanzeru chimene atsogoleri a zipembedzo anachita mu 2021, motsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, pamene anagwirizana kuti atsikana aloledwe kubvala hijabu ya mtundu wofanana ndi yunifomu. Sukulu inasunga mtundu wake, mwana anasunga mpango wake.

Katundu wa mbali zonse

Komatu pangano la pa pepala liri ngati malire a pa mapu: mphamvu yake iri mwa anthu okhala pamalopo. Mphunzitsi angathe kulola mpango, koma namchititsa mwana manyazi ndi nthabwala za mabomba, kapena kumseka pamene asala kudya m'mwezi wa Ramadan. Wotereyo wabvomera ndi pakamwa, wakana ndi mtima. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu akumbukire kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Makolo a Chisilamu nawonso ali ndi katundu wao. Chifukwa chimene agogo ao anakanira sukulu chinali chomveka m'masiku amenewo, koma lero khomo latseguka, ndipo amene asunga mwana pakhomo kapena pa malonda alibenso pobisala. Madrasa ndi sukulu zisalimbirane mwana. Iyi itenge m'mawa, iyo itenge madzulo. Mtsikana apatsidwe mwai wofanana ndi mlongo wake. Ndipo amene apempha ulemu m'sukulu ya mpingo aperekenso ulemu ku mapemphero a eni ake, ndi kulandira mwana wa Mkristu mokoma m'sukulu zimene Asilamu amanga. Kutentha nyumba chifukwa cha mpango ndiko kupatsa umboni iwo amene amanenera Chisilamu zoipa.

Tsono yankho la funso lathu ndi lakuti ai. Mwana asagule maphunziro ndi dzina lake, pakuti nzeru si ya mpingo umodzi kapena mzikiti umodzi. Ndipo phindu lake siligwera Msilamu yekha. Mwana wa Mkristu amene anakhala pa benchi imodzi ndi Msilamu zaka zisanu ndi zitatu, kubwerekana pensulo ndi kugawana chimanga chokazinga, sadzanyengeka msanga ndi nkhani za kutali, pakuti akadzamva dzina la Chisilamu adzakumbuka nkhope ya mnzake. M'mera mpoyamba. Tikafuna kuti ana athu adzakhale pamodzi mwamtendere atakula, tiwalole alowere pa khomo limodzi akali ang'ono, aliyense ndi dzina limene anampatsa amake.