Anagula mlonda wa chilumba: mfundo zofunika pa nkhani ya Allen Stanford

Antigua ndi kachilumba ka m'nyanja ya Caribbean. Kuphatikiza ndi kanzake ka Barbuda, anthu ake sankafika 100,000 m'masiku amene Allen Stanford, mpondamatiki wa ku Texas m'dziko la America, ankayenda kumeneko ngati mwini dziko. Anali ndi banki yotchedwa Stanford International Bank, imene inkalandira ndalama za anthu a m'mayiko ena n'kuwalonjeza chiwongoladzanja choposa cha mabanki onse. Zinaululika mu February 2009 kuti phindu limene ankapereka kwa osunga akale linali ndalama za osunga atsopano, ndipo zina ankangodzibwereka yekha. Ndalama za chinyengochi zinali pafupifupi madola 7 biliyoni. Mu 2012 khoti la ku Houston linamupeza wolakwa pa milandu 13 mwa 14, n'kumulamula kukakhala kundende zaka 110.

1. Wokonda chinyengo amayamba wafufuza kumene malamulo ndi ofewa. Banki ya Stanford inabadwira pa chilumba china, Montserrat, mu 1985. Akuluakulu a Britain, amene amalamulira chilumbacho, atayamba kufunsa mafunso ovuta kwa mabanki a mtundu umenewu, iye anamanga katundu n'kuwolokera ku Antigua. Amene anamulandira anayenera kudzifunsa kuti mlendoyu akuthawa chiyani kumene akuchokera.

2. Boma likakongola kwa munthu, pakamwa pake pamalemera. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Stanford sanangotsegula banki. Anakhala wolemba anthu ntchito wamkulu kuposa wina aliyense kupatula boma lenilenilo. Anali ndi nyuzipepala ya Antigua Sun, kampani ya ndege, malo odyera, bwalo la masewero pafupi ndi bwalo la ndege, ndiponso banki ina ya anthu wamba, Bank of Antigua. Boma la nduna yaikulu Lester Bird likasowa ndalama, kuphatikizapo zomangira chipatala chatsopano, linkagogoda kwa iye. Kenaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunachitika chinthu chovuta kuchimvetsa: boma litafuna kukonza malamulo oyang'anira mabanki osunga ndalama za alendo, linapatsa Stanford mpando pa ntchitoyo. Mwini banki n'kumathandiza kulemba malamulo omuyang'anira iye mwini! Mu 1999 unduna wa zachuma wa America unachenjeza mabanki a dzikolo kuti azisamala ndi ndalama zodutsa ku Antigua.

Tisafulumire kuseka. Kadziko kodalira alendo odzaona malo, kokhala ndi ngongole zambiri, kakapeza munthu wobwera ndi ndalama m'manja, ndi nduna zochepa zimene zingamubweze pakhomo. Komabe ngongole yotere ili ndi chiwongoladzanja chimene sichilembedwa pa pepala. Tsiku limene nduna ikufuna kufunsa kuti ndalama za bankiyo zili kuti, imakumbukira kuti denga la chipatala ndi la munthu yemweyo, ndipo funso limathera kukhosi.

3. Wakuba wochenjera sathyola chitseko, amagula mlonda. Mlonda wa ku Antigua anali Leroy King, mkulu wa bungwe loyang'anira mabanki la Financial Services Regulatory Commission. James Davis, amene ankasunga mabuku a chuma a Stanford komanso anali mnzake kuyambira ku yunivesite ya Baylor, anaulula povomera mlandu wake kuti mu 2003 Stanford ndi King anapangana ubale wa magazi. King analandira ziphuphu zoposa madola 500,000, matikiti okaonera mpira wa Super Bowl, ndi maulendo a pa ndege za Stanford. Bungwe la America loyang'anira malonda a masheya, SEC, likamulembera makalata achinsinsi kufunsa za bankiyo, iye ankawaonetsa kwa Stanford, ndipo anthu a Stanford ankathandiza kukonza mayankho onena kuti zonse zili bwino.

Tayerekezani manambala awiriwa: theka la miliyoni kumbali iyi, 7 biliyoni kumbali inayo. Wolandira chiphuphu amadzigulitsa motchipa kwabasi poyerekeza ndi zimene zimaonongeka chifukwa cha siginecha yake. King analimbana ndi makhoti kwa zaka pafupifupi khumi kuti asatumizidwe ku America. Anamutumizabe mu 2019, anavomera mlandu, ndipo mu 2021 analamulidwa kukhala kundende zaka 10.

4. Mphatso siilowa m'malo mwa msonkho. Mu 2009 bungwe lotolera misonkho ku America, IRS, linanena kuti Stanford anali ndi ngongole ya msonkho yoposa madola 226 miliyoni, kuphatikizapo chindapusa ndi chiwongoladzanja, ya zaka za 1999 mpaka 2003. Tinene chilungamo pano: chimene chinamutengera kundende si msonkho ayi, koma chinyengo ndi kusokoneza kafukufuku. Za msonkhozo zinali zimene atolera msonkho ankamufuna, ndipo iye ankakangana nawo. Komabe khalidwe lake linkaoneka poyera. Anasamutsira khomo lake ku St. Croix, chilumba cha America kumene ochita bizinesi ena amachotseredwa gawo lalikulu la msonkho, uku akugawa ndalama pamaso pa makamera.

N'chifukwa chiyani olemera ena amakonda kupereka mphatso koma kudana ndi msonkho? Wopereka mphatso amasankha yekha kumene ndalama ipite, dzina lake limalembedwa pakhoma, ndipo wolandira amagwada. Msonkho ulibe dzina. Umalowa m'thumba la onse, aphungu n'kukambirana mmene ugwirire ntchito, ndipo palibe amene amathokoza munthu poupereka. Dziko lodalira msonkho limatha kuyang'ana wolemera m'maso.

5. Ulemu nawonso umagulika. Mu 2006 boma la Antigua linapatsa Stanford udindo waulemu woti azitchedwa Sir Allen, ndipo apa n'kuti boma litasintha kale, nduna yaikulu ali Baldwin Spencer. Mu June 2008 anatera pa helikopita pa bwalo lotchuka la cricket la Lord's ku London, n'kuonetsa bokosi la ndalama kulengeza mpikisano wa madola 20 miliyoni pakati pa England ndi timu yake. Akuluakulu a masewerowo anamugwira chanza akumwetulira. Patangotha chaka chimodzi, anali m'manja mwa apolisi. Udindo wa Sir uja anadzamulanda.

6. Phindu losatsika chaka ndi chaka liyenera kudabwitsa. Mabanki ena akulira ndi mavuto a zachuma, ya Stanford inkati yapindulabe. Mabuku a banki yosunga mabiliyoni ankawerengedwa ndi kakampani kakang'ono ka pa chilumba pompo. Ambiri mwa osunga ndalama, a ku America, Venezuela ndi mayiko ena, sanali akuba. Anali anthu opuma pa ntchito amene anakhulupirira alangizi ovala bwino. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

7. N'kosavuta kuloza chala kachilumba. Nanga dziko lalikulu lija, America, linali kuti? Lipoti la mkulu wofufuza m'kati mwa SEC, lotuluka mu 2010, linapeza kuti antchito a ofesi ya bungweli ku Fort Worth, ku Texas, anakayikira bizinesi ya Stanford kuyambira mu 1997. Anaiunikanso mu 1998, 2002 ndi 2004, ndipo nthawi zonse ankafika pa chikayiko chomwecho. Akuluakulu awo ankakonda milandu yosavuta, yotha msanga, yochulukitsa chiwerengero cha ntchito pa lipoti la chaka. Uwu unali wovuta, choncho unkaikidwa pambali. Ku Antigua mlonda anagulidwa, ku Texas anawodzera, ndipo kwa mayi amene anataya ndalama zake za penshoni kusiyana kwake n'kochepa. Stanford ankaperekanso ndalama kwa andale a zipani zonse ziwiri zazikulu ku America.

8. Zikaphulika, oyamba kumva kuwawa ndi amene sanadye nawo. Nkhani itamveka mu February 2009, anthu wamba anandanda pa mizere italiitali ku Bank of Antigua kufuna kutapa ndalama zawo, ngakhale kuti bankiyo sinali pa mlanduwo. Eastern Caribbean Central Bank inachita kuilanda kuti isagwe. Antchito mazanamazana a m'makampani a Stanford, osamalira maluwa, ophika, atolankhani, alonda a pageti, anachotsedwa ntchito pa chilumba chimene panalibe wina wowalemba onse. Amene anasunga ndalama ku banki yaikulu ija anadikira zaka zoposa khumi, akulandira pang'onopang'ono zimene osankhidwa ndi khoti ankatolera pogulitsa katundu ndi posumira mabanki ena, ndipo ena anamwalira asanalandire gawo lawo lonse.