Kodi Kupanga Chinthu Chopanda Ntchito N'kutaya Nthawi?

M'chaka cha 1977 ku America kunatuluka filimu ya Star Wars, imene anaikonza George Lucas. Chimodzi mwa zinthu zimene anthu anazikonda m'filimuyo ndi kaloboti kotchedwa R2-D2: kafupi, kathupi konga mgolo, kamutu kozungulira, kosatulutsa mawu koma kongoimba malikhweru. Kalobotiko kanalibe nzeru zakezake. M'zigawo zina m'kati mwake munkakhala munthu wamfupi kwambiri, Kenny Baker, amene ankakagwedeza, ndipo m'zigawo zina kankayendetsedwa ndi rimoti.

Mu 1999, Dave Everett wa ku Australia anayambitsa gulu la anthu ofuna kudzipangira kaloboti kotere kunyumba, lotchedwa R2-D2 Builders Club. Lero gululi lili ndi mamembala m'maiko ambiri. Amagawana miyeso ya chiwalo chilichonse, amadula aluminiyamu, matabwa kapena pulasitiki, amalumikiza mawaya, mamota ndi mabatire, ndipo ambiri zimawatengera zaka kuti amalize. Palinso ena amene amakhoma mabokosi a masewera onga aja a m'zaka za m'ma 1980, amene munthu ankaponyamo kobiri kuti asewere Pac-Man kapena Space Invaders. M'bokosilo amaikamo sikirini, mabatani, kandodo kowongolera, ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya MAME, imene Nicola Salmoria wa ku Italy anaiyamba mu 1997 pofuna kuti masewera akale asafere limodzi ndi makina ake.

Funso ndi lakuti: kodi munthu wamkulu, wa banja lake, akuchita bwino kuthera ndalama ndi mausiku ake pa zinthu zoterezi?

Mlandu umene anthuwa angaimbidwe si wopepuka. Lobotiyo siphika, silima, sichiritsa. Ndi chifaniziro cha chinthu chimene nachonso chinali chongopeka. Bokosi la masewera limadzaza malo m'nyumba pomwe masewera omwewo amatha kukwana m'foni. Ndipo dziko limene mmisiriyo akupukutiramo mutu wa loboti ndi lomwelo limene ana ena amagona ndi njala. Ola limene lapita ku loboti silingapitenso kwina. Munthu wa chikumbumtima sangangoseka mlanduwu n'kuupitirira.

Komabe mlanduwu uli ndi pofooka pake. Ukutenga phindu kukhala muyeso wokhawo wa zochita za munthu. Muyeso umenewu ukagwiritsidwa ntchito paliponse, ndiye kuti nyimbo, gule, maluwa a pakhomo ndi kucheza kwa madzulo zonse zagwa nawo, chifukwa palibe chimodzi mwa izo chimene chimadzaza nkhokwe. Munthu amene amangochita zokhazo zopindulitsa amasanduka chida, ndipo chida chikatha ntchito chimatayidwa. Thomas Aquinas, polemba m'zaka za m'ma 1200, anaphunzitsa kuti monga thupi limatopa n'kufuna kupuma, maganizonso amatopa, ndipo mankhwala ake ndi kusangulutsidwa. Anafanizira ndi uta umene umathyoka ukakhala chikokere. Iye anaonanso kuti munthu angalakwe mbali ziwiri: kusewera mopyola muyeso, kapena kukana kusewera mpaka kukhala mtolo kwa anzake.

Pali chinanso. Ntchito zambiri za masiku ano munthu amagwira kachigawo kochepa, osaona chimene chatuluka pamapeto. Wopanga loboti amayamba ndi chitsulo chosaumbika n'kumaliza ndi chinthu choyenda. Akalakwitsa muyeso, chiwalocho sichilowa, ndipo palibe mawu okoma amene angachinyengerere. Amaphunzira kudekha, kuvomereza kulakwa, ndi kufunsa odziwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amenewa ndi makhalidwe enieni, ngakhale kuti aphunziridwa pa chidole.

Choncho funso loyamba lija liyenera kusintha. Nkhani isakhale yakuti chinthucho chili ndi ntchito kapena ayi, koma mafunso atatu awa.

Loyamba: akulipira ndani? Ngati ndalama ya mamota yachoka pa fizi ya mwana, kapena ngati mmisiriyo wadzitsekera m'galaja mkazi wake akulimbana yekha ndi zapakhomo, ndiye kuti chisangalalo chake akuchilipira ena amene sanavomereze. Apa m'pamene zosangulutsa zambiri zimasokonekera, ndipo zimasokonekera pang'onopang'ono. Palibe tsiku limene munthu amalengeza kuti wasiya banja lake chifukwa cha loboti. Amangonena kuti kwatsala kachiwalo kamodzi, mawa lakenso chimodzimodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta: akayamba kubisa mtengo wa zimene wagula, muyeso waupyola kale.

Lachiwiri: chinthucho mwini wake ndani? R2-D2 ndi wa kampani ya Lucasfilm. Gulu la opanga malobotili limakhalitsana bwino ndi kampaniyo chifukwa limasunga malire: munthu apange loboti yake, koma asaisandutse malonda. Kwa opanga mabokosi a masewera nkhaniyi ndi yovutirapo. Pulogalamu ya MAME ndi yaulere, koma masewera ambiri amene imayendetsa akadali ndi eni ake mwalamulo. Bokosi likhoza kukhala lokongola kunja pomwe m'kati muli masewera mazanamazana otengedwa popanda chilolezo: chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. N'zoona kuti masewera ena akanatayika pakadapanda anthu owasunga, ndipo amenewa ngoyenera kuwayamika. Koma kusunga chinthu kuti chisafe n'kosiyana ndi kugulitsa thukuta la wina ngati lako.

Lachitatu: chikatha, chimapita kuti? Mamembala ambiri a gululi amanyamula maloboti awo kupita nawo ku zipatala za ana ndi ku misonkhano yosonkhetsa thandizo. Mwana amene wakhala masabata ambiri pabedi akaona R2-D2 akulowa m'wodi, akuzunguza mutu ndi kuimba malikhweru, amaiwalako jakisoni kwa kanthawi. Matenda sanachoke, koma chimwemwecho n'chenicheni. Loboti yomweyo ikanangokhala m'chipinda chokiya kuti mwini wake azidzitamandira nayo, zitsulo zake zikanakhala zomwezo, koma ntchitoyo ikanakhala ina.

Anthu amakonda kutchula Lee Towersey ndi Oliver Steeples a ku Britain. Mu 2013, pa msonkhano wa okonda Star Wars ku Essen m'dziko la Germany, ntchito ya gulu lawo inaonedwa ndi Kathleen Kennedy, amene panthawiyo anali mkulu wa Lucasfilm, ndipo awiriwa anadzalembedwa ntchito yopanga R2-D2 wa m'filimu ya The Force Awakens, imene inatuluka mu 2015. Ndi nkhani yokoma, koma siyenera kukhala chifukwa chovomerezera ntchito yonseyi. Ambiri mwa anzawo sadzaitanidwa ndi kampani iliyonse, ndipo zimenezo sizichepetsa zimene achita. Kunena kuti chosangulutsa n'chabwino pokhapokha chikabala malipiro n'kubwereranso ku muyeso wa phindu uja.

Munthu ali ndi ufulu wopanga chinthu chifukwa chongochikonda. Ufuluwu umakhala woyera pamene a m'nyumba mwake sakuvutika nawo, pamene sanatenge cha mwini, ndiponso pamene chitseko cha galaja chimatsegukira ena. Amene angayankhe mafunso atatuwa pamaso pa mkazi wake ndi ana ake popanda kuweramitsa mutu, apitirize kumanga loboti yake mtima uli m'malo.