Mabere "Ooneka Ngati Achilengedwe": Kodi Mayi Wachikhristu Anene Chiyani?



Pali nkhani zina zimene pa misonkhano yathu timazilambalala, chonsecho ana athu aakazi amazikamba momasuka pa mafoni awo. Imodzi mwa izo ndi opaleshoni yokulitsa mabere. Kale tinkati zimenezi ndi za azungu a m'mafilimu. Lero ambiri a ife tili ndi ana ndi adzukulu ku Johannesburg, ku London ndi kwina kumene zipatala zochita ntchitoyi zimadzitsatsa poyera, ndipo zithunzi zake zimafika ngakhale pa foni ya mtsikana wa kumudzi. Mwana akadzatifunsa maganizo, kungoyankha kuti "ndi tchimo" sikudzamuthandiza. Akaona kuti sitikudziwa chimene tikukanacho, adzakafunsa kwa amene akugulitsa. Tsono tiyeni tiyambe tadziwa zimene madokotala amachita, kenaka tifunsane ngati zili zoyenera.

Njira zitatu zimene zilipo

Njira yoyamba ndi yoika kathumba ka silikoni, chinthu chofewa chonanda ngati phala lozizira. Anayamba njirayi ndi madokotala awiri a ku Houston ku America, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, m'chaka cha 1962. Dokotala amacheka pang'ono m'munsi mwa bere, kapena m'mphepete mwa khungu lakuda lozungulira nsonga, kapena m'khwapa, nalowetsa kathumbako kuseri kwa bere kapena kuseri kwa mnofu wa pachifuwa. Ambiri amaitama njirayi chifukwa pogwira pamamveka ngati bere lenileni. Vuto lake ndi lakuti kathumbako kakang'ambika mkati, mwini wake sangazindikire msanga. Nchifukwa chake bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, limalangiza kuti mayi akajambulidwe ndi makina patatha zaka 5 kapena 6, kenaka pa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse.

Njira yachiwiri ndi kathumba komwekonso, koma kodzazidwa ndi madzi amchere. Kakaphulika, madziwo amalowerera m'thupi popanda kuvulaza, bere limaphwa ndipo mwini wake amaona yekha. Koma bere lotere limalimbirapo pogwira, ndipo kwa mayi woonda makwinya a kathumbako amatha kuonekera pakhungu.

Njira yachitatu ndi yopopa mafuta pamimba kapena m'ntchafu za mayi yemweyo ndi kuwabayira m'mabere. Imeneyi ndiyo amaitchula kuti yoyandikira kwambiri chilengedwe, popeza m'thupi simulowa chinthu chachilendo. Komabe bere limangokula pang'ono, gawo lina la mafutawo thupi limawamwa pakapita miyezi, ndipo kawirikawiri pamafunika kubwereza. Mafuta ena amauma ndi kusanduka timibulu, timene dokotala wofufuza khansa ayenera kutiunika mosamala kuti atisiyanitse ndi chotupa.

Pali mtengo wina umene otsatsa amaulemba ndi zilembo zing'onozing'ono. Thupi limamanga chipsera mozungulira kathumba kalikonse, ndipo chipseracho chikalimba chimafinya bere, kulipotoza ndi kupweteka. Timatumbati si ta moyo wonse. Mtsikana woikidwa ali ndi zaka 25 ayembekezere kuti tsiku lina adzagonanso pa bedi la opaleshoni ndi kulipiranso. Ambiri amayamwitsa bwinobwino, koma ena mkaka umachepa kapena nsonga imachita dzanzi, makamaka akachekedwa pafupi ndi nsongayo. Kathumba kamathanso kuphimba mbali ya bere pojambula kufufuza khansa, motero mayi ayenera kuuza ojambulawo.

Mbiri ya ntchitoyi ilinso ndi misozi. Mu 1992 America inaletsa timatumba ta silikoni pa opaleshoni yongokongoletsa, ndipo inatilolanso mu 2006. Mu 2010 zinaululika kuti kampani ya ku France yotchedwa PIP inkadzaza timatumba take ndi silikoni yosavomerezeka kuikidwa m'thupi la munthu. Amayi miyandamiyanda m'mayiko ambiri anali atayikidwa kale, ndipo mwini kampaniyo, Jean-Claude Mas, khoti linamugamula zaka zinayi mu 2013. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pa msika timatumba take tina tokhakhala kunja, titapezeka kuti tikukhudzana ndi khansa ina yosowa yomwe imayamba m'chipsera chozungulira kathumba. Ndalama nazonso sizitchinga ngozi: Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria, anamwalira ku Spain mu 2005 atachitidwa opaleshoni yokongoletsa thupi. Ngati zotere zimachitika m'zipatala, nanga bwanji mapiritsi, mafuta opaka ndi majekeseni okulitsira ziwalo amene amagulitsidwa mobisa m'misika ndi pa intaneti? Amenewo tiwakane popanda kukambirana.

Mayankho awiri osakwanira

Yankho limene limatifikira msanga ndi lakuti Mulungu anatilenga momwe tilili, choncho kusintha kanthu ndi kumunyoza. Tikalisinkhasinkha, yankholi siliima. Timavala magalasi, timaikitsa mano, ndipo mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika timathamanga naye kuchipatala kuti akamusoke, osati kumusiya poti ndi momwe anabadwira. Kukongoletsa thupi nakonso sikunabwere ndi sitima. Agogo athu ankatema mphini, ankaboola makutu, ndipo amayi Achimang'anja a m'chigwa cha Shire ankavala pelele pa mlomo wam'mwamba, monga David Livingstone anawapezera. Ifenso timawongola tsitsi ndi mankhwala oyabwa m'mutu.

Koposa apo, timatumba tomweti ndi timene madokotala amagwiritsa ntchito poumbanso bere la mayi amene linachotsedwa chifukwa cha khansa. Nthawi zina amatenga khungu ndi mafuta a pamimba kapena mnofu wa kumsana wa mayi yemweyo. Ku America lamulo la mu 1998 linakakamiza makampani a inshuwalansi olipirira kuchotsa bere kuti azilipiriranso kuliumba, pozindikira kuti kumeneko ndi kumaliza chithandizo. Palinso amayi amene amachepetsedwa mabere chifukwa kulemera kwake kukuwapweteka msana ndi mapewa. Ndani wa ife angaloze chala amayi otere? Ndiye kuti tchimo silili mu mpeni wa dokotala kapena mu silikoni.

Yankho lachiwiri ndi la ana athu: "Thupi ndi langa, ndichita nalo chimene ndifuna." Mwa mbali ina akunena zoona, pakuti palibe mwamuna, mayi kapena mlangizi woyenera kulamula mkazi wamkulu kuti achekedwe kapena asachekedwe. Koma Paulo Woyera, pa 1 Akorinto 6, akutikumbutsa kuti matupi athu ndi mokhalamo Mzimu Woyera, ndipo ife ndife osungitsidwa chabe. Munthu wosungitsidwa katundu amayeza bwino asanamuike pangozi. Wodwala akalola opaleshoni amalandira ngozi yaing'ono pothawa yaikulu. Mkazi wathanzi akalola opaleshoni yokulitsa mabere amalandira ngozi yomweyo, ndipo ayenera kudzifunsa moona mtima kuti akuthawa chiyani. Kawirikawiri chimene akuthawa si matenda, koma maso ndi pakamwa pa anthu.

Chilengedwe chake chiti?

Mawu amene otsatsa amawakonda ndi akuti zotsatira zake "zimaoneka ngati zachilengedwe". Tiyeni tiwaunike mawu amenewa. Bere lachilengedwe silikhala pamodzi. Limaphuka pa utsikana, ndipo kwa amayi ambiri limodzi limakulirapo kuposa linzake. Limadzaza pa pakati, limawawa mwana akachedwa kuyamwa, limakhala ndi mizere, ndipo potsiriza limagwa. Chimenecho ndicho chilengedwe. Chimene chili pa zithunzi zotsatsa ndi bere la msinkhu umodzi wokha, limene silinayamwitsepo, loimikidwa kuti lisasinthe. Akamalitcha lachilengedwe, ndiye kuti akutiuza kuti thupi la mayi wa ana asanu lapatuka pa chilengedwe ndipo likufunika kukonzedwa. Bodza lili pamenepa, ndipo ndilo tiyenera kulimbana nalo.

Pa Luka 11, mayi wina m'khamu anakweza mawu kutamanda mimba imene inabala Yesu ndi mabere amene anamuyamwitsa. Ambuye sananyoze thupi la amayi awo, koma anasunthira dalitso lenileni pa kumva ndi kusunga mawu a Mulungu. Tikuphunzirapo ziwiri: bere ndi chiwalo cholemekezeka chimene Mwana wa Mulungu yemwe anayamwa, komanso ulemerero wa mkazi sukhala m'menemo. Mpingo umakumbukiranso pa 5 February Agatha Woyera wa ku Sicily, amene mwambo wa Mpingo umati anadulidwa mabere pozunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma 251. Omuzunza ankaganiza kuti akumuchotsera ukazi wake. Mpingo sunamuonepo ngati mkazi woperewera.

Anamuphunzitsa manyazi ndani?

Apa nkhani ikutembenukira kunyumba. Mtsikana sabadwa akudana ndi chifuwa chake. Amamva anzake kusukulu akumuseka kuti ndi thabwa. Amamva akuluakulu pa chitsime kapena pa ukwati akuseka mnzawo kuti mabere ake asanduka mapatapata. Amamva pa chilangizo kuti banja limalimba kapena kutha chifukwa cha maonekedwe a mkazi, ngati kuti mwamuna woyendayenda amachiritsidwa ndi thupi la mkazi wake. Amaona mayi wochotsedwa bere akusiyidwa ndi mwamuna, mudzi uli chete. Pamene akufika pa khomo la dokotala, phunziro lija analiloweza kale. Si chilungamo kumuweruza iye yekha ndi kusiya pakamwa ponse pamene panamukankhira kumeneko.

Abambo nawonso amve. Pa guwa analonjeza kukonda ndi kusunga akazi awo pa thanzi ndi pa matenda mpaka imfa. Thupi limene lasintha chifukwa chobala ndi kuyamwitsa ana awo omwe lili mkati mwa lonjezo limenelo. Mwamuna wouza mkazi wake kuti akakonzetse thupi kuti asamusiye waphwanya kale lonjezo, ndipo opaleshoni sidzalibwezeretsa.

Tsono tinene chiyani?

Maganizo athu ndi awa. Opaleshoni imeneyi payokha si tchimo, ndipo mayi amene anachitidwa asasalidwe kapena kunong'onedwa m'tchalitchi. Koma kwa mwana wathanzi amene akufuna kuchita kuti asunge mwamuna, kapena kuti afanane ndi zithunzi za pa foni, malangizo athu ndi akuti asachite, chifukwa akulipira ndi thupi lake ngongole imene si yake. Tikhale naye pansi ndi kumufunsa mofatsa: Ukuchitira yani? Munthu ameneyo akanapanda kukhalapo, ukanafunabe? Kodi dokotalayo ndi wovomerezeka ndi boma pa ntchito imeneyi, ndipo wakuuza zoopsa zonse? Zaka 15 zikubwerazi, zikadzafunika kubwereza, adzalipira ndani? Ukufunanso kudzayamwitsa? Ndalamazo zikuchoka pa chiyani? Akayankha zonsezi ndi kusankhabe kuchita, ndi munthu wamkulu ndipo akadali mwana wathu. Timupempherere, timulimbikitse kupita ku chipatala choyenera, ndipo khomo lathu likhale lotsegula, pakuti mwana woopa kutukwanidwa amabisa ngakhale bala likamatukusira.

Kwa alongo athu ochotsedwa bere, chisankho ndi chawo. Wopeza mwayi woumbidwanso bere asaone ngati akuchita zachabe. Wosafuna, kapena wopanda mwayiwo monga zilili kwa ambiri kwathu kuno, asaone ngati waperewera. Ntchito yathu ndi kuwayendera, kuwaperekeza kuchipatala, kuwasokera kansalu kofewa koika mu bra ngati akufuna, ndi kulankhula ndi amuna awo. Pamene Mary Sumner ankayambitsa Mothers' Union ku Old Alresford mu 1876, cholinga chake chinali choti amayi azithandizana, ndipo mpaka lero chimodzi mwa zolinga zathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto.

Potsiriza, manyazi omwewa amapha m'njira inanso. Amayi ambiri amamva chotupa m'bere nakhala chete miyezi, poopa kuti akalichotsa ndipo banja litha, mpaka kufika kuchipatala matenda atafalikira. Choncho pa msonkhano wotsatira m'parishi mwathu tikambirane nkhaniyi poyera, tiitane namwino atiphunzitse kudziyeza mabere mwezi ndi mwezi, ndipo tigwirizane kuti pakati pathu pasamvekenso nthabwala yonyoza thupi la mayi mnzathu. Mtsikana wokulira pakati pa amayi olemekeza matupi awo, ogwa ndi oima omwe, savuta kumulangiza.

Mulungu amene anatiumba m'mimba mwa amayi athu atipatse nzeru ndi chifundo polangiza ana athu. Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale nanu nonse.