Kuthamanga sikufika

Mwambiwu umachenjeza kuti liwiro palokha silifikitsa munthu kumene akupita. Wogula galimoto ku Neno Boma ayenera kuumvetsa bwino, chifukwa misewu yokwera ku Dambe, kumene kumachokera mbatata ya kachewere ndi tirigu, ndi yamapiri ndipo imaterera kwambiri nthawi ya dzinja.

Kumeneko mphamvu ya injini imafunikadi, koma yokokera katundu pachitunda. Land Cruiser ya injini ya dizilo ya malita 4.2, yokoka ndi mateyala onse anayi, imadutsa m'matope momwe Sienta ya malita 1.5 imatitimira. Komabe Land Cruiser imamwa mafuta ambiri, ndipo mafutawo ndi odula poti amalowa m'dziko kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kutsetsereka. Galimoto yodzaza matumba ikamatsika phiri, mabuleki amatentha n'kuleka kugwira ngati dalaivala sagwiritsa ntchito giya yaing'ono. Apa injini yaikulu sipulumutsa aliyense.

Choncho wogula ayambe wayang'ana mabuleki, mateyala, malamba ndi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, kenaka awerengere mafuta. Za liwiro zibwere pomaliza.