Kodi Kulambira Kopanda Nsembe za Nyama Nkopepuka?

MU 1871, wofukula za m'mabwinja wa ku France, Charles Clermont-Ganneau, anapeza mu Yerusalemu mwala wozokotedwa mawu Achigiriki. Mwalawo, umene tsopano ukusungidwa ku Istanbul, unali pampanda wamkati mwa kachisi amene Herode anamanganso. Unachenjeza kuti munthu wa mtundu wina asapyole mpandawo, ndi kuti wogwidwa atapyola adzakhala atadziitanira yekha imfa. Chenjezolo silinali la pakamwa chabe. Mtumwi Paulo anatsala nenene kuphedwa ndi khamu la anthu amene anangomganizira kuti analoŵetsa Trofimo wa ku Efeso m'kachisimo.—Machitidwe 21:27-31.

Mwalawo umasonyeza kuti kulambira kwa Israyeli kunali ndi malo ake, malire ake, ndi nthaŵi zake. Koma Akristu oyambirira anali kusonkhana m'nyumba za anthu, popanda mpanda wotero ndiponso popanda nyama zopereka nsembe. Kodi pamenepa tinene kuti Mulungu anachepetsa zimene amafuna kwa omlambira?

Kulambira Kooneka ndi Maso

Chilamulo cha Mose chinalongosola kulambira mwatsatanetsatane. Tsiku lililonse ansembe anali kupereka ana a nkhosa aŵiri, wina mmaŵa ndi wina madzulo. (Numeri 28:3, 4) Katatu pachaka amuna onse anayenera kukaonekera pamaso pa Yehova pamalo amene iye anasankha. M'masiku asanu ndi aŵiri a Phwando la Misasa, ng'ombe zamphongo 70 zinali kuperekedwa: 13 patsiku loyamba, 12 patsiku lachiŵiri, ndi kumachepa motero kufikira 7 patsiku lachisanu ndi chiŵiri. Unsembe unali wa mbadwa za Aroni zokha, ndipo mkulu wa ansembe yekha ndiye anali kuloŵa m'Malo Opatulikitsa, tsiku limodzi pachaka, pa Tsiku la Chitetezo.

Kulambira kotero kunali kudya chuma cha munthu. Zoonadi, Chilamulo chinachitira chifundo osauka. Wosakhoza kupeza nkhosa analoledwa kubweretsa njiŵa ziŵiri, ndipo wosoŵa ngakhale zimenezo, ufa wosalala. (Levitiko 5:7, 11) Komabe aliyense anayenera kutayapo kanthu. Pamene Arauna anafuna kupatsa Mfumu Davide ng'ombe ndi nkhuni kwaulere, Davide anaumirira kugula, pakuti sanafune kupereka kwa Mulungu nsembe imene iye sanaivutikire.—2 Samueli 24:22-24.

Chimene Chinasintha

Mkazi Wachisamariya anafunsa Yesu za mkangano wakale: kodi malo oyenera kulambirirako ndi phiri la Gerizimu kapena Yerusalemu? Yesu anayankha kuti inali kudza nthaŵi pamene malo sadzakhalanso nkanthu, pakuti Atate amafuna omlambira ndi mzimu ndi choonadi. (Yohane 4:20-24) Kalata ya kwa Ahebri imapereka chifukwa chake. Mwazi wa ng'ombe ndi mbuzi sukanachotseratu machimo, ndipo nsembe zobwerezedwa chaka ndi chaka zinali kukumbutsa anthu kuti akali ochimwa. Kristu, monga Mkulu wa Ansembe, anapereka moyo wake kamodzi kokha, ndipo nsembeyo inakwanira.—Ahebri 10:1-4, 12.

Mpanda nawonso unagwa. Kalata ya kwa Aefeso, anthu a kwawo kwa Trofimo, imanena kuti Kristu anagumula khoma lolekanitsa Ayuda ndi Akunja. (Aefeso 2:14) Ndiyeno mu 70 C.E., magulu ankhondo a Roma otsogozedwa ndi Titus anawononga kachisi weniweniyo. Kulambira kwa Akristu sikunaime, pakuti sikunadalire miyala imeneyo.

Kodi Ndani Amapenda Nsembe Yanu?

Ena amalingalira kuti Aisrayeli anali kulambira mwamwambo chabe, pamene Akristu amalambira ndi mtima. Kulingalira kumeneko nkulakwira amuna ndi akazi okhulupirika akale. Lamulo la kukonda Yehova ndi mtima wonse lili m'Chilamulo momwemo, ndipo Samueli anauza Mfumu Sauli kuti kumvera kumaposa nsembe. (Deuteronomo 6:5, 1 Samueli 15:22) Chotero Mulungu wafuna mtima wa munthu chiyambire kale.

Kusiyana kuli pa chimene chikuperekedwa. Mwisrayeli anali kupereka nyama ya m'khola lake, namasiya paguwa, nabwerera kwawo. Mkristu akupemphedwa kupereka thupi lake lenilenilo monga nsembe yamoyo, limodzi ndi mawu otamanda Mulungu, ntchito zabwino, ndi kugaŵana zinthu ndi ena. (Aroma 12:1, Ahebri 13:15, 16) Nsembe yotero simaisiya pamalo olambirira. Imapita nanu kumunda, kumsika, kuntchito, ndi kunyumba.

Apa mpamene pali ngozi. Chilamulo chinaletsa kupereka nyama yakhungu, yothyoka, kapena yankhanambo, ndipo chilema chotero chinali choonekera kwa wansembe ndi kwa anansi omwe. (Levitiko 22:22) Ngakhale zinali tero, m'masiku a Malaki ansembe anali kulandira nyama zotsimphina ndi zodwala, ndipo mneneriyo anawafunsa ngati kazembe wawo akanakondwera ndi mphatso zoterozo. (Malaki 1:8) Ngati anthu anachita chinyengo ndi nsembe yooneka, kuli bwanji ndi yosaoneka? Paja mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Munthu angaimbe ndi kupemphera bwino mumpingo, koma nabera ogula pamuyeso wa chimanga, kuchitira nkhanza mkazi wake, kapena kusunga chakukhosi kwa zaka zambiri. Imeneyo ndi nsembe yotsimphina, ndipo palibe wansembe woima pachipata kuti aibweze.

Chotero Mkristu aliyense ayenera kupenda yekha nsembe yake. Dzifunseni kuti: ‘Kodi ndimapatsa Mulungu nthaŵi ndi nyonga zanga zabwino koposa, kapena zotsala zokha? Kodi pali mbale amene ndinamlakwira ndipo sindinayanjane naye? Kodi ndikali kumanga mpanda mumtima mwanga kutsekereza anthu a fuko lina?’

Mwisrayeli wokhulupirika anali kuloŵa m'khola lake ndi kusankha nyama yabwino koposa, ngakhale kuti ndiyo imene akanakonda kusunga. Ifeyo sitifunikiranso kukusa nkhosa kumka nayo ku Yerusalemu, koma kusankha kofananako timakuchita tsiku lililonse, ndipo Yehova, amene amaona mtima, amadziŵa chimene tapereka ndi chimene tamana.